Ogulitsa Matayala Amene Analemba za Chakudya

Sabata ino tipite ku France, kukaona kabuku kofiira komwe kanalembedwa ndi anthu omwe sanali alembi nkomwe.

Mu 1900, dziko lonse la France linali ndi magalimoto osakwana 3,000. Kwa pachibale awiri, André ndi Édouard Michelin, omwe anali ndi fakitale ya matayala mu mzinda wa Clermont-Ferrand, chiwerengero chimenechi chinali chosowetsa tulo. Tayala limagulidwa lakale likatha, ndipo limatha likamayenda. Tsono eni magalimoto ochepawo sankapita kutali. Malo omwetsera petulo ngati a lero kunalibe, amakaniko anali apatalipatali, ndipo galimoto ikafa pakati pa ulendo mwini wake ankangogwira njakata.

Wamalonda wamba akanatani? Akanadzaza nyuzipepala ndi mawu otamanda tayala lake, kuti ndi lolimba, ndi la pamwamba, mpira wake ndi wosiyana ndi wa ena. Anyamata a Michelin anayamba ndi kumufunsa mumtima munthu wokhala pa chiwongolero uja: kodi iwe chimakuopsa n'chiyani kuti usanyamuke? Yankho lake analisindikiza. Chaka chomwecho anatulutsa Guide Michelin, makope pafupifupi 35,000, n'kumagawa mwaulere. M'katimo munali mapu, malo ogula petulo, komwe kuli makaniko, mahotela ogona, ndi kasinthidwe ka tayala likaphulika.

Onani bwino pamenepa, chifukwa mpamene pagona nkhani. Mwini nthano m'kabukuka sanali Michelin. Anali woyendetsa galimoto, munthu wotuluka pakhomo m'mamawa, wokumana ndi zigwa ndi mvula, wofika madzulo kumudzi wachilendo ali ndi njala. Kampani inadzipatsa gawo la nkhalamba ija ya m'nthano zathu, yokhala pamphambano, yomuuza mnyamata njira yoti atsate. Koma aliyense wokhulupirira kabukuka ankayenda, ndipo aliyense woyenda ankadya matayala. Ochenjera anthu amenewa, eti?

Mu 1920 anasiya kugawa mwaulere, anayamba kugulitsa pa mafranc 7. Kampaniyo imasimba kuti André analowa mu garaja ina n'kupeza mabuku ake atachirikizira tebulo logwirirapo ntchito, ndipo anazindikira kuti chaulere munthu sachisamala. Ife alembi tikudziwa ululu umenewo, tonse tili ndi achibale ofuna buku lathu mwaulere amene sadzalitsegula.

Gawo la malo odyera ndi lomwe owerenga analikonda kwambiri. Michelin inayamba kutumiza anthu ake mwachinsinsi kukadya m'malesitilanti, osadzitchula, n'kulipira okha ngati kasitomala wina aliyense. Mu 1926 anayamba kupereka nyenyezi imodzi kwa ophika bwino, ndipo mu 1931 anawonjezera yachiwiri ndi yachitatu. Tanthauzo la nyenyezizo likuonetsa kuti amalonda a matayala sanaiwale ntchito yawo: ziwiri zinkatanthauza kuti chakudyacho n'choyenera kupatukira, zitatu kuti n'choyenera kunyamukira ulendo wakewake. Ngakhale potamanda msuzi, iwo ankawerenga makilomita.

Kabukuka kanadalirika mpaka pa nkhondo. Mu 1944 asilikali a mayiko ogwirizana akukonzekera kulowa ku Normandy, anasindikizanso buku la 1939 chifukwa mapu ake a matauni a ku France anali olondola.

Apa ndiye ine ndimayamba kukayika nawo anthu omwe amaisimba nkhaniyi ngati yokoma yokhayokha. Buku loyambitsidwa kuti litumikire wapaulendo linasanduka woweruza wa ophika. Nyenyezi imodzi imadzaza lesitilanti, kuchotsedwa kwake kumabalalitsa makasitomala ndi antchito. Nkhalamba ya pamphambano ija inakhala mfumu, ndipo amene anayamba kuinjenjemerera si amene inkawalozera njira.

Bernard Loiseau anali mmodzi mwa ophika otchuka kwambiri ku France. Lesitilanti yake, La Côte d'Or ya ku Saulieu, inalandira nyenyezi yachitatu mu 1991, atagwira ntchito zaka zambiri ndi kulowa m'ngongole zazikulu. Kumayambiriro kwa 2003 buku lina lopikisana ndi Michelin, Gault & Millau, linamutsitsa malikisi, ndipo manong'onong'o anafala m'nyuzipepala kuti Michelin nayo imulanda nyenyezi imodzi. Mu February chaka chimenecho Loiseau anadzipha, ali ndi zaka 52. Anali akudwala kale matenda a nkhawa, choncho sichilungamo kuloza chala buku lokha. Buku la 2003 litatuluka, nyenyezi zake zonse zitatu zinalimo.