Mfuti pa Sukulu ya Kent

Pa 30 April 1970 Pulezidenti Richard Nixon anauza anthu a ku America pa wailesi kuti asilikali ao alowa m'dziko la Cambodia. Ambiri anali kuyembekeza kuti nkhondo ya ku Vietnam iri pafupi kutha. Tsono anamva kuti yakula. Ophunzira a m'masukulu apamwamba ndiwo anapsa mtima koposa, pakuti anyamata a msinkhu wao ndiwo anali kutengedwa kunka ku nkhondoko, afune asafune.

Pa sukulu ya Kent State, m'cigawo ca Ohio, nyumba yophunzitsiramo za usilikali inatenthedwa usiku wa pa 2 May, ndipo Bwanamkubwa James Rhodes anatumizako asilikali a National Guard. Lolemba, pa 4 May, dzuwa liri pamutu, ophunzira anasonkhana pabwalo ngakhale msonkhanowo unaletsedwa. Asilikali anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi, ena mwa anawo nabwezera ndi miyala. Pambuyo pace asilikali anakwera kacitunda monga ngati alikucoka. Atafika pamwamba anatembenuka, naomba zipolopolo zoposa 60 m'masekondi 13.

Anai anafa: Allison Krause, Jeffrey Miller, Sandra Scheuer ndi William Schroeder. Ena 9 analasidwa, mmodzi wa iwo napuwala miyendo. Asilikali anati anaopa kuphedwa. Koma mwa akufawo, amene anali pafupi koposa anagwa pa mtunda wa mayadi oposa 80, ndipo mwala woponyedwa kucokera kumeneko sungaphe munthu. Comvetsa cisoni ncakuti Scheuer ndi Schroeder sanali nao m'cionetseroco. Mtsikanayo anali kupita ku kalasi, ndipo mnyamatayo anali kuphunzira yekha za usilikali.

Asanapite masabata awiri, apolisi anaombera nyumba yogona atsikana pa sukulu ya anthu akuda ya Jackson State ku Mississippi, napha anyamata awiri. Dziko silinawalire monga linalirira a ku Kent.

Bungwe limene Nixon anaika kuti lifufuze linaweruza kuti kuombera kwa ku Kent kunali kosafunika ndi kosakhululukika. Komabe palibe anamangidwa. Asilikali 8 anazengedwa mlandu mu 1974, woweruza nauthetsa poti umboni unacepa. Mu 1979 boma la Ohio linapereka madola 675,000 kwa olasidwa ndi makolo a akufa, pamodzi ndi kalata yodandaula, imene sinabvomereze kulakwa.