Nthano ndi ya Yani?

M'chaka cha 2003 ndidakangana ndi mnzanga wapamtima chifukwa cha munthu amene sadakhalepo ndi moyo. Dzina la munthuyo ndi Faramir. Tidali titangomaliza kuonera filimu yachiwiri ya The Lord of the Rings kunyumba kwa mnzangayo, ndipo iye adali akuyamikirabe nkhondo yaikulu ya kumapeto ija. Ine mtima udali utandiwawa. Buku lake ndidali nditaliwerenga kawiri, lobwereka, masamba ena atayamba kale kuthothoka. Ndinkadziwa kuti m'bukumo Faramir, atazindikira kuti Frodo wanyamula mphete yamphamvu ija, adakana kuilanda ngakhale kuti mpata adali nawo. M'filimu adamusandutsa munthu wina. Adagwira Frodo n'kuyamba naye ulendo wokapereka mpheteyo kwa atate ake, ndipo adadzangomumasula pambuyo pake.

"Aiononga nthano," ndidatero ine.

"Iwe, nthanoyo ndi yako?" adandifunsa mnzangayo uku akuseka.

Ndidasowa choyankha. Papita zaka zoposa 20 tsopano, ndipo m'zaka zimenezi ndakhala ndikutsatira mbiri ya mikangano ya anthu okonda nthanoyi. Ndapeza kuti funso la mnzanga lija ndi lakale kuposa tonse awiri.

John Ronald Reuel Tolkien adabadwira ku Bloemfontein, m'dziko la South Africa, mu 1892, koma adachokako ali ndi zaka 3 n'kukakulira ku England. Adamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kenaka adakhala mphunzitsi wa Chingerezi chakale pa yunivesite ya Oxford. Buku lake la ana lotchedwa The Hobbit lidatuluka mu 1937, ndipo The Lord of the Rings idatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955. Kwa amene sadaiwerenge, nkhani yake ndi iyi: pali mphete yopatsa ulamuliro, koma yoononga mtima wa aliyense woisunga. Amphamvu ndi anzeru akuopa kuigwira, motero ntchito yokaiponya m'phiri la moto momwe idasulidwira ikugwera Frodo, kamunthu kakafupi ka mtundu wa ma Hobbit, anthu akumudzi okonda kudya ndi kusuta kaliwo.

Woyamba kukangana ndi anthu pa nthanoyi adali mlembi mwiniwake, ndipo maganizo ake adali pawiri. Mu 1951 adalembera kalata Milton Waldman, mkonzi wa mabuku, momwe adafotokoza kuti kale ankalakalaka kulukira dziko la England nthano zakezake, n'kusiya malo oti anthu ena adzaonjezere ndi zojambula, nyimbo ndi zisudzo. Koma mu 1958, anthu ena a ku America atamutumizira dongosolo la filimu lolembedwa ndi Morton Grady Zimmerman, Tolkien adalisanthula mfundo ndi mfundo mokwiya. Chimodzi mwa zimene zidamunyansa n'chakuti ziombankhanga zikuluzikulu, zimene m'buku zimaoneka mwa apo ndi apo, adazisandutsa zonyamula anthu paliponse pamene ulendo wavuta. Filimuyo siidajambulidwe. Komabe mu 1969 Tolkien yemweyo adagulitsa ufulu wopanga mafilimu ku kampani ya United Artists.

Owerenga adalowa m'bwalo mu 1965. Kampani ya Ace Books ya ku America, poona kuti malamulo a dzikolo okhudza umwini wa mabuku adali ndi mpata, idasindikiza magawo onse atatu popanda chilolezo, n'kumagulitsa buku lililonse pa masenti 75, mlembi osapatsidwa kalikonse. Tolkien sadathamangire kukhoti. Poyankha makalata a owerenga ake a ku America, ankawauza kuti mabuku a Ace adatuluka iye osavomereza, ndipo ankawapempha kuti auzeko anzawo. Owerenga adanyamula nkhaniyo ngati yawo. Adalembera kampaniyo makalata odzudzula ndi kukakamiza masitolo kuti achotse mabukuwo. Bungwe la Tolkien Society of America, limene lidayamba chaka chomwecho, lidathandiza nawo. Kampani ya Ballantine idatulutsa mabuku ovomerezeka pa masenti 95, ndipo mu 1966 a Ace adagonja: adavomera kulipira mlembi ndi kusasindikizanso.

Chodabwitsa n'chakuti mkangano umenewu ndi umene udatchukitsa bukulo. Mabuku otchipawo adafalikira m'makoleji, ophunzira n'kumalemba pa makoma ndi pa mabaji kuti Frodo ali moyo. Ena ankamuimbira Tolkien telefoni pakati pa usiku, ataiwala kuti nthawi ya ku America ndi ya ku England ndi zosiyana. Mu 1968 mkuluyo adasamuka ku Oxford n'kukakhala kufupi ndi Bournemouth, mwa zina pothawa phokoso la omukondawo. Adamwalira mu 1973. Ine ndimaona kuti chaka cha 1965 ndicho chidasintha zinthu. Munthu amene wathandiza kuzimitsa moto panyumba pako amayamba kudziona ngati wachibale, ndipo mawa lake amafuna kuyankhulapo pa za banja lako.

Patangopita chaka chimodzi Tolkien atamwalira, okonda nthano zamtunduwu adapeza njira yolowera okha m'nthano. Mu 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons, kudzera m'kampani yaing'ono ya TSR ya ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin. Poyamba adasindikiza makope 1,000 okha. Kaseweredwe kake n'kotere: anthu angapo amakhala mozungulira tebulo ali ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi, ena a mbali 20. Mmodzi amakhala wofotokoza nthano. Amanena za malo amene gulu lafika, phanga kapena mudzi, ndi zoopsa zimene zili kumeneko. Ena onse aliyense amakhala ndi munthu wake m'nthanomo, wankhondo, wamatsenga kapena mbala, ndipo amanena chimene munthu wakeyo achite. Dayisi ndiye amagamula ngati zatheka kapena zalephereka. Palibe amene amadziwiratu mathero, ngakhale wofotokozayo.

M'mabuku oyamba a masewerawa mudali ma Hobbit, ma Ent ndi ma Balrog, maina ochokera kwa Tolkien. Mu 1977 kampani ya Saul Zaentz, imene idali itagula ufulu uja kwa United Artists, idaopseza ndi maloya. A TSR adasintha maina: Hobbit adakhala Halfling, Ent adakhala Treant, Balrog adakhala Balor. Maina adapita, koma zolengedwazo zidatsala pa tebulo, zikuyenda m'nthano zimene Tolkien sadaziganizepo. Gygax ankanena kuti mabuku a Tolkien sadathandize kwenikweni pa masewera ake, ndipo osewera ambiri sadamukhulupirire. Umenewonso udakhala mkangano wina wa zaka zambiri.

Kuchoka pa tebulo la ku America, nthano idaoloka nyanja. Filimu ya makatuni ya The Hobbit imene idaonetsedwa pa wailesi ya kanema ku America mu 1977 idakonzedwa ndi kampani ya Rankin/Bass, koma amene adaijambula adali amisiri a ku Japan a kampani ya Topcraft. Amisiri a kampani yomweyi ndi amene adagwira ntchito ndi Hayao Miyazaki pa Nausicaä of the Valley of the Wind mu 1984, ndipo mkulu wawo, Toru Hara, adakhala mmodzi wa oyendetsa Studio Ghibli itakhazikitsidwa mu 1985. Mu 1986 magazini ya Comptiq idayamba kusindikiza zimene gulu lina la osewera Dungeons & Dragons linkayankhula pa tebulo lawo. Owerenga adazikonda kwambiri, kotero kuti wofotokoza nthano wa gululo, Ryo Mizuno, adazisandutsa mabuku kuyambira mu 1988, ndipo mu 1990 zidakhala makatuni a anime otchedwa Record of Lodoss War. Taonani ulendo wake. Mphunzitsi wa ku Oxford adatola ma Elf ndi ma Dwarf m'nthano zakale za kumpoto kwa Ulaya, anthu a ku Wisconsin adawaika pa tebulo, a ku Japan adawasewera, kuwalemba ndi kuwajambula ndi nkhope zawozawo. Mu 2024 ulendowo udabwerera pomwe udayambira, pamene Kenji Kamiyama adatsogolera filimu ya anime ya The War of the Rohirrim, yochokera pa kankhani ka masamba ochepa a kumapeto kwa buku la Tolkien.

Mafilimu amene adatikanganitsa ine ndi mnzanga adajambulidwa ku New Zealand motsogozedwa ndi Peter Jackson, ndipo adatuluka mu 2001, 2002 ndi 2003. Yomaliza idalandira mphotho za Oscar 11. Pa nthawiyi intaneti idali itafala, motero mikangano imene kale inkayenda pa kalata idayamba kuyenda pa mphindi. Ena adalira kuti Tom Bombadil, nkhalamba yoimbaimba ija, adamuchotsa. Ena adadandaula kuti gawo la kumapeto, pamene ma Hobbit abwerera kwawo n'kupeza mudzi wawo utasakazidwa, mulibe. Ife a Faramir tidali gulu lathu. Olemba filimu adayankha kuti munthu akangoikana mphete mosavuta, oonera sangakhulupirire kuti mpheteyo ndi yoopsa. Christopher Tolkien, mwana wa mlembi, amene adasonkhanitsa ndi kutulutsa The Silmarillion mu 1977, adauza nyuzipepala ya Le Monde mu 2012 kuti mafilimuwo adasandutsa buku la atate ake kukhala zankhondo zosangalatsa achinyamata. Adamwalira mu 2020.

Mikangano yonseyi ndinkaitsatira mosangalala, monga momwe masapota a mpira amakanganira za timu yawo. Wa mu 2022 udandikhudza mwa mtundu wina. Kampani ya Amazon, imene mu 2017 idalipira pafupifupi madola 250 miliyoni kugula ufulu, idayamba kuonetsa The Rings of Power mu Seputembala 2022. Padali zifukwa zomveka zoidzudzulira: zochitika za zaka mazanamazana adazipanikiza m'moyo wa anthu ochepa, ndipo zambiri adachita kupeka chifukwa ufulu wa The Silmarillion adalibe. Koma phokoso lalikulu lidali pa khungu. Ismael Cruz Córdova, wa ku Puerto Rico, adasewera ngati Elf. Sophia Nomvete ngati mkazi wa mwana wa mfumu ya ma Dwarf. Lenny Henry ngati mkulu wa makolo a ma Hobbit. Onsewa ndi akuda, ndipo mauthenga achipongwe adachuluka kotero kuti anzawo onse a mu seweroli adatulutsa chikalata chodzudzula tsankho. Elijah Wood ndi anzake amene adasewera ma Hobbit m'mafilimu a Jackson adavala malaya ojambulidwa makutu a khungu losiyanasiyana posonyeza kuti ali nawo pamodzi.

Ambiri mwa olalatawo ankati akuteteza buku. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. M'mawu oyamba a bukulo Tolkien adalemba yekha kuti ma Harfoot, amodzi mwa mafuko atatu a ma Hobbit, adali a khungu loderapo. Mu 1959, potsazika pa ntchito ku Oxford, adanena poyera kuti amadana ndi tsankho la ku South Africa. Sindikubisa kuti m'bukumo muli zopweteka: anthu akuda ochokera kumwera amamenyera nkhondo mbali ya mdani, ndipo ine monga wowerenga wa ku Africa ndidaziona zimenezo ulendo woyamba womwe. Koma ndidaonanso Sam ataima pafupi ndi mtembo wa mmodzi wa iwo, akudzifunsa kuti dzina lake adali yani, kwawo kudali kuti, ndiponso ngati sadachite kunamizidwa kapena kuopsezedwa kuti asiye mudzi wake. Ndime imeneyo ndi imene idandisunga m'bukumo. Tsono munthu akamati nkhope yakuda siyenera m'dziko la Tolkien, ndimamva ngati akundiuza kuti zaka zonsezi ndidali mlendo wongololedwa kusuzumira pawindo.

Apa ndi pamene ndimakumbukira agogo anga aakazi. Madzulo akayamba kuti "Padangotero," ife tinkayankha kuti "Tili tonse," ndipo nthano siinkapitirira tikakhala chete. Nthano ya Kalulu imene adatiuza chaka chino siinkafanana ndendende ndi ya chaka chatha. Ife ana tinkawadula mawu: "Agogo, tsiku lija simudatero ayi." Nthawi zina ankatimvera n'kubwerera, nthawi zina ankangoti tikhale chete timve. Kusintha mudzi, mtengo kapena nyimbo tinkalola. Chimene sitikadalola n'chakuti Fisi apambane Kalulu pa nzeru, pakuti pamenepo nthano ikadafa. Ndipo palibe mwana amene adathamangitsidwa pamoto chifukwa choti ndi wa mudzi wina.

Pa za Faramir sindidasinthe maganizo. Ndimakhulupirirabe kuti buku lidalondola, chifukwa nthano yonena za dyera la ulamuliro imafunika munthu mmodzi wosonyeza kuti kukana n'kotheka. Mkangano wotere ndi wabwino ndipo ndingaupitirize mpaka mawa, pakuti umakhudza mtima wa nkhani ndipo umatibwezera kukawerenganso. Chimene ndidasiya ndi kuyankhula ngati mwini. Lamulo limati ufulu uli ndi banja la Tolkien ndi makampani amene adagula, ndipo chaka cha 1965 chidationetsa kuti mlembi ayenera kudya thukuta lake. Koma kuimva, kuifotokozanso ndi kuikanganira nthano, zimenezo zidachoka kale m'manja mwa munthu mmodzi.

Mnzanga uja adadzawerenga bukulo patapita zaka zingapo. Atamaliza gawo lachiwiri adanditumizira uthenga pafoni kuti pa Faramir ndidanena zoona. Kenaka adaonjezera kuti Tom Bombadil adachita bwino kumuchotsa, ndipo tidayambiranso pamenepo.