Matope a m'migodi

Matope a m'migodi ndi dothi losalala losakanikirana ndi madzi lomwe limatsala miyala ikaperedwa ndi kuchotsedwamo mchere wofunikawo. Pochoka m'makina amakhala amadzimadzi ngati thobwa, ndipo amayenda m'mapaipi mosavuta. Kenako amawathira m'mathanki akuluakulu pamodzi ndi mankhwala ogwirizanitsa tinthu ta dothi kuti tikhale m'magulu n'kumira. Madzi a pamwamba amabwezedwa kufakitale, pansi n'kutsala phala lolimba losasuntha mpaka litakankhidwa mwamphamvu.

Chovuta n'chakuti kulimbako sikukhalitsa. Mpope ukawatakasa, timagulu tija timasweka ndipo matope amafewanso, monga dothi la njerwa limafewera poliponda ngakhale osaonjezera madzi. Ali m'damu losungiramo amatha kuuma pamwamba pansi pakadali ponyowa, ndipo khoma likagumuka amathamanga ngati chigumula. Zinatero ku Chambishi m'dziko la Zambia mu February 2025, pamene zinyalala za m'damu la kampani ya migodi ya Sino-Metals zinafika mumtsinje wa Kafue.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri Malingunde, kufupi ndi Mitundu, kumene mchere wa graphite unapezeka m'nthaka yofewa yadongo pafupi ndi Kamuzu Dam, gwero la madzi akumwa a mzinda wa Lilongwe, chifukwa kukumba mcherewu kungasiyenso matope otere.