Kodi zoika m'nsapato zimachiza msana? Imvani mbiri yake

Mwina munamvapo ogulitsa akunena kuti timphira toika m'nsapato timathetsa ululu wa msana wa mgonagona. Musanatulutse ndalama yomwe mwaipeza movutikira, tamvani komwe nkhaniyi idachokera.

Mu 1904, mnyamata wina wa ku Chicago m'dziko la America, dzina lake William Scholl, adapanga kachipangizo kochirikiza pansi pa phazi. Iyeyu ankagwira ntchito m'sitolo ya nsapato ndipo ankaona momwe anthu ankavutikira ndi mapazi. Cholinga chake chidali phazi, osati msana. Koma malondawo atakula, kudabuka maganizo akuti phazi likapendekeka, bondo, chiuno ndi msana nazonso zimapendekeka. Choncho anthu adayamba kugula timphirati ngati mankhwala a msana.

Maganizowa ankamveka bwino, koma atayesedwa sadaphule kanthu. Mu 2007, bungwe la Cochrane lidasonkhanitsa kafukufuku yemwe adalipo ndipo lidapeza kuti zoika m'nsapato siziteteza munthu ku ululu wa msana. Mu 2016, bungwe la NICE ku Britain lidalangiza madokotala kuti asamazipereke kwa odwala msana.

Sikoyamba achipatala kusintha maganizo. Kale wodwala msana ankauzidwa kugona sabata yonse kapena kuposerapo. Kenaka zidadziwika kuti kugona nthawi yaitali kumafooketsa minofu ndipo munthu amachedwa kuchira. Lero malangizo ndi akuti muziyendayenda, muzichita masewera olimbitsa thupi, ndipo muzigwira ntchito pang'onopang'ono.

Timphirati tili ndi ntchito yake. Ngati mwendo umodzi ndi waufupi, monga zimachitikira munthu akadwalapo poliyo kapena akathyokapo fupa, kukweza nsapato kungathandize, koma achipatala ayambe akuyezani.

Kumudzi kuno msana umatopa ndi khasu, ndowa yamadzi, mtolo wa nkhuni ndi mwana kumbuyo. Ponyamula katundu pindani mawondo, muyandikitseni kuthupi, ndipo gawani mtolo pawiri. Polima, muziweramuka pafupipafupi.

Koma thamangirani kuchipatala ngati msana ukupweteka pamodzi ndi kuwonda, kutentha thupi, thukuta la usiku, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kapenanso kulephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi. TB imagwiranso msana, ndipo mukachedwa imapuwalitsa. Imeneyo siichira ndi mphira wa m'nsapato.

Awerengereni uthengawu agogo ndi anansi omwe alibe foni.