Cheesesteak: cakudya ca alendo cimene cimavuta kuphika kucilendo

Munthu wa ku Philadelphia akakhala kutali na kwawo kwa miyezi ingapo, pali cakudya cimodzi cimene amayamba kucilota. Ni buledi wautali wong'amba pakati, ndipo mkati mwake amaikamo nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala ngati pepala, anyezi wokazinga na chizi wosungunuka. Dzina lake ni cheesesteak.

Ine ninacidziwila kwa mnyamata wina wa kumeneko amene tinasewenza naye pa wailesi kwa miyezi yocepa. Tsiku lina pa Ciwelu anatiitana kuti tikalawe cakudya ca kwawo. Anazungulila masitolo m'mawa wonse, anaphika, ise tinadya mpaka kunyambita zala. Iye analuma kawili cabe, n'kuika pansi, amvekele si cimeneci. Nyama inali bwino, anyezi naye anali bwino. Cinam'gwetsa ulesi ni buledi na chizi, zinthu zimene kwawo ni zochipa ndipo palibe amene amaziganizila kawili. Mbili ya cakudya cimeneci ni imene inanithandiza kumvetsa cimene cinam'vuta.

Kuyambila ca m'ma 1880 kufika ca m'ma 1920, anthu pafupifupi 4 miliyoni anacoka ku Italy kupita ku America. Ambili anali alimi osauka a kum'mwela kwa dzikolo. Ena anakhazikika ku South Philadelphia, ndipo msika wawo wa mu 9th Street ukali kudziwika kuti Italian Market mpaka lelo. Kumeneko n'kumene Pat Olivieri na mng'ono wake Harry, ana a m'banja locokela ku Italy, anali na kantemba kogulitsilapo soseji ya m'banzi imene amati hot dog. Inali nthawi ya mavuto, ca m'ma 1930, pamene cuma ca America cinali citagwa ndipo anthu ambili analibe nchito.

Banja la Olivieri limasimba kuti tsiku lina Pat anatopa na kudya soseji yake yomwe. Anagula nyama ya ng'ombe, anaikazinga na anyezi, n'kuiika m'buledi wa Citaliyana kuti adye masana. Woyendetsa takisi wina anamva kafungo, anapempha kuti alaweko, ndipo atadya anawalangiza kuti asiye soseji azigulitsa zimenezi. Nkhani yotele imakoma kwambili moti munthu ungaikayikile, pakuti kantemba kalikonse kamene kanalemela kamakhala na nthano yake ya kasitomala woyamba. Koma malo amene anatsegula, ochedwa Pat's King of Steaks, akalipo pamphambano ya 9th Street na Passyunk Avenue, ndipo akali m'manja mwa banja lomwelo.

Onani kuti m'nkhani imeneyi mulibe chizi. Kwa zaka zingapo cakudya cimeneci cinali nyama na anyezi cabe. A m'banjali amakamba kuti chizi anayamba kuikamo m'zaka za m'ma 1940, ndipo amene anayambitsa ni Joe Lorenza, woyang'anila sitolo yawo ina ya mu Ridge Avenue. Iye anaikamo provolone, chizi wa Citaliyana. Ogulitsa ena a m'tauniyo amatsutsa, aliyense afuna ulemu ukhale wake. Ndiyeno kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 kampani ya Kraft inatulutsa Cheez Whiz, chizi wacikasu wa m'botolo amene ukamutenthetsa amathilika ngati phala. Kwa munthu amene ali na mzele wa makasitomala pawindo, uyu anali mpulumutsi. Sufunika kuyembekezela kuti asungunuke, umangotunga n'kupaka. Conco cimene anthu lelo amati cheesesteak yeniyeni cinasintha kangapo m'zaka 25 zoyambilila, ndipo cimene cinali kusinthitsa ni cangu na mtengo.

Apa m'pamene pagona vuto la wokhala kucilendo. Chizi wamba, monga cheddar amene timaona m'masitolo akulu-akulu, ukamuika pamoto mafuta amacoka n'kuyandama paokha, cotsala cimakhala ngati mphila. Chizi wa ku fakitale sacita zimenezo cifukwa amamusakaniza na mcele wina umene umagwilizanitsa mafuta na madzi. Nzelu imeneyi inayambila ku Switzerland mu 1911, pamene Walter Gerber na Fritz Stettler anasungunula chizi wa kwawo pamodzi na sodium citrate kuti asamawonongeke msanga. Ku America, James L. Kraft analembetsa njila yake yopangila chizi wokhalitsa mu 1916, ndipo asilikali a dzikolo anamudya kwambili pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ana a ku America anakula na chizi ameneyu mpaka lilime linazolowela. Mnzathu uja anagula cheddar wodula poganiza kuti acita bwino, koma kukoma kumene anali kufuna kunali kwa chizi wochipa. Masiku ano ena amene ali kunja amacita kugula sodium citrate, n'kumusakaniza na mkaka na cheddar mumphika, kuti chizi wabwino afanane na wa m'botolo. Nimaseka nikaganizila zimenezi, koma munthu wolakalaka za kwawo sumuseka nthawi yaitali.

Buledi ni nkhani ina. Ophika buledi a Citaliyana a ku Philadelphia na madela apafupi, monga kampani ya Amoroso's imene inayamba mu 1904, amapanga buledi wautali wa khungu lopyapyala, wofewa mkati koma wonyumbuluka pang'ono ukamaluma. Amamwa msuzi wa nyama popanda kuphwasuka. Buledi wautali wa Cifalansa ali na khungu lolimba, ukaluma nyama imathawila kumbuyo. Mabanzi athu ali na shuga wambili ndipo akanyowa amasanduka phala m'manja. N'cifukwa cake ogulitsa cheesesteak m'matauni akutali amaitanitsa buledi woumitsa m'filiji kucokela ku Philadelphia, ndipo amene sangakwanitse amaphunzila kuphika okha.

Nyama ndiye yosavuta pa zonse. Imafunika ya ribeye, ya kumsana ca kunthiti, imene ili na mafuta mkati. Ukaiika m'filiji youmitsa kwa ola limodzi kapena kucepelapo imalimba, ndiye umaidula mopyapyala na mpeni wakuthwa. Amene akhala ku Japan kapena ku Korea ali na mwayi, pakuti kumeneko nyama yodula kale motelo ili m'sitolo iliyonse cifukwa ca zakudya zawo.

Kuti cakudya ca pakantemba cikhale cizindikilo ca tauni yonse, panafunika mkangano. Mu 1966 Joey Vento anatsegula Geno's Steaks kutsidya kwa msewu, kuyang'anizana na Pat's, ndipo mpikisano wa masitolo awiliwa unakhala nkhani imene alendo amabwelela. Mu 1976 filimu ya Rocky inaonetsa Sylvester Stallone ataimilila pa Pat's. Panabadwanso kakambidwe kake kogulila. Ukafika pawindo umachula chizi amene ufuna, n'kuwonjezela "wit" ngati ufuna anyezi kapena "witout" ngati sumufuna, motengela mmene anthu a kumeneko amachulila mau a Cizungu. Ukacedwa, a kumbuyo kwako amayamba kudandaula.

Andale nawo analowamo. Mu 2003 a John Kerry, pofunafuna mpando wa pulezidenti, anafika pa Pat's n'kupempha kuti awaikile chizi wa ku Switzerland. Manyuzipepala anawaseka kwa masiku, amvekele munthu uyu sadziwa umoyo wa anthu wamba. Palibe amene anakumbukila kuti chizi wa ku fakitale amene anali kumuteteza uja nzelu yake inayambila ku Switzerland komweko.

Nkhani imene imanikhudza kwambili ni ya cikwangwani. Ca m'ma 2005 na 2006, pamene anthu ocokela ku Mexico anali kuculuka m'dela la 9th Street n'kutsegula masitolo awo, a Vento anaika kacikwangwani pawindo la Geno's kokamba kuti kuno ni ku America, pogula kambani Cizungu. Dziko lonse linakangana. Bungwe loona za ufulu wa anthu mu Philadelphia linazenga nkhaniyi, ndipo mu 2008 linagamula kuti cikwangwanico sicinaphwanye lamulo. A Vento anali mdzukulu wa anthu ocokela ku Italy, anthu amene pofika m'misewu yomweyo anali kunyozedwa cifukwa ca cinenelo cawo. Iwo anali kukamba kuti makolo awo anavutika kuphunzila Cizungu, conco obwela lomba nawonso aphunzile. Ine niona kuti pa nkhani ya mbale ya cakudya, njala ilibe cinenelo cimene ifunika kuyamba yaphunzila, ndipo wogulitsa aliyense wa pa Soweto Market amadziwa kulandila ndalama kwa munthu wokamba Cibemba, Citonga kapena Ciswahili. A Vento anamwalila mu 2011, ndipo cikwangwani cinacotsedwa mwakacetecete mu 2016, sitolo ili m'manja mwa mwana wawo.

Lelo cheesesteak yayenda kutali kuposa kumene Pat anaganizila. Ku London kuli malo odyela ochedwa Passyunk Avenue, dzina la msewu uja, amene anatsegulidwa mu 2018 na munthu wa ku America wokhala kumeneko. Ku Tokyo kuli Nihonbashi Philly, kumene banja la ku Japan limaphika lokha buledi na kupanga lokha chizi wothila, ndipo anthu a ku Philadelphia akafika kumeneko amacita kukafunafuna. Onsewa anakumana na cimene mnzathu anakumana naco: zinthu ziwili za ku fakitale zimene kwawo amangogula, kucilendo zimafuna manja na masiku ambili oyesa.

Mnzathu anayesanso kaciwili atatsala pang'ono kubwelela. Anapempha amai ena ophika mabanzi kukomboni kwathu kuti am'pangile atali-atali, shuga wocepa. Amaiwo anadabwa kuti munthu angafune banzi losatsekemela, koma anapanga. Cheddar anamusiya, anagula chizi uja wopyapyala wokulunga m'tumapulasitiki cimodzi-cimodzi. Nyama anakazingila pa pani yaikulu pambaula, cifukwa malaiti anali atapita. Ulendo uno anatsiliza yake yonse ndipo anakamba kuti yafika pafupi.

Tinasonkha anthu asanu kuti tigule nyama na chizi za tsikulo. Titawelengetsa, tinapeza kuti ndalama imene aliyense anaika ikanamugulila michopo na cakumwa, n'kutsalako ya basi.