Chiradzulu: boma loyenera kupatukirako popita ku Zomba

Ambiri oyenda pa msewu wa Limbe kupita ku Zomba amangoliona patali phiri la Chiradzulu n'kupitirira, osadziwa kuti m'tsinde mwa phirili muli boma lomwe lasunga mbiri yaikulu ya dziko lino.

Likulu la bomali lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchokera ku Blantyre. Wapaulendo amapatuka pa mphambano ya Chiradzulu, pomwe pamapezeka maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Bomali lachita malire ndi Blantyre, Zomba, Phalombe, Mulanje ndi Thyolo, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti muli anthu 356,875.

Malo oyamba kuwaona ndi PIM ku Mbombwe, mishoni yomwe Mbusa John Chilembwe adakhazikitsa mu 1900 atabwera kuchokera ku America. Pa 23 January 1915, anthu ake adanyamuka kumeneku kukathira nkhondo azungu a m'maesiteti, makamaka chifukwa cha nkhanza za thangata. Ku Magomero adapha William Jervis Livingstone, yemwe ankayang'anira esiteti ya A.L. Bruce. Atsamunda adagumula tchalitchi cha Chilembwe, ndipo iye adaphedwa pa 3 February chaka chomwecho. Mishoniyi idakhala yotseka mpaka 1926 pomwe Dr Daniel Malekebu adaitsekulanso. Lerolino anthu amasonkhana pamalowa pa 15 January chaka chilichonse kukumbukira Chilembwe.

Magomero ndi malonso omwe Bishopu Charles Mackenzie wa UMCA adamangapo mishoni mu 1861. Ku Nguludi kuli mishoni ya Katolika, chipatala cha St Joseph's ndi Catholic University of Malawi, yomwe idatsekulidwa mu 2006. Chipatala cha pa boma nacho chili ndi mbiri: m'chaka cha 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka mankhwala a ma ARV kumeneko, zaka zingapo boma lisanawafalitse m'dziko lonse.

Nyengo yabwino yochezera ndi ya chilimwe. M'miyezi ya June ndi July kumazizira ndipo chiperoni chimaphimba phiri, choncho chovala chotentha n'chofunika. Nthawi ya dzinja misewu yafumbi imaterera, ndipo m'mbali mwa mapiri mumakhala moopsa: mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe.

Wofuna kuona PIM, Nguludi ndi Magomero tsiku limodzi alawire m'mamawa, pakuti malowa ndi otalikirana.