Tarot ndi oracle: makhadi ofanana maonekedwe, osiyana mbiri

Pa TikTok masiku ano sipasowa munthu woyala makhadi patebulo n'kumauza anthu za chikondi, ntchito ndi ndalama. Wina amati ake ndi a tarot, wina amati ndi a oracle, ndipo ambiri a ife timangoti zonse ndi chimodzimodzi. Si choncho ayi. Kusiyana kwake kumaoneka bwino tikafunsa kumene makhadiwa anachokera.

Tiyambe ndi tarot. Makhadi wamba osewera anafika ku Ulaya cha m'ma 1370 kuchokera ku Egypt. M'zaka za m'ma 1440 anthu a m'mizinda ya ku Italy monga Milan, Ferrara ndi Florence anawonjezerapo ena a zithunzi: Papa, Mfumu, Imfa, Dzuwa, Chitsiru ndi ena otero. M'kupita kwa nthawi chiwerengero chinakhazikika pa 78. Mwa amenewa, 56 ali m'magulu anayi, a zikho, ndalama, malupanga ndi ndodo, pamene 22 ndi a zithunzi aja. Ntchito yake inali masewera chabe: khadi la chithunzi limadya khadi wamba. Mabanja olemera a Visconti ndi Sforza ankalipira akatswiri kuti awajambulire makhadi okongoletsedwa ndi golide. Mpaka lero ku France anthu amasewera tarot pocheza, monga ife timachitira ndi nsolo.

Nanga za kuombeza zinalowamo bwanji? Mu 1781 Antoine Court de Gébelin wa ku France analemba kuti zithunzi za tarot ndi buku lachinsinsi la ansembe akale a ku Egypt. Umboni analibe. Panthawiyo kunalibe ndi mmodzi yemwe wotha kuwerenga zilembo zakale za ku Egypt, pakuti Champollion anazitulukira mu 1822. Koma nkhaniyo inakoma m'makutu. Jean-Baptiste Alliette, amene anatembenuza dzina lake kukhala Etteilla, anayamba kulemba matanthauzo a khadi lililonse, ndipo cha mu 1789 anatulutsa makhadi opangira kuombeza. Amene timawaona kwambiri pafoni anatuluka ku London mu 1909. Anawajambula ndi Pamela Colman Smith motsogoleredwa ndi Arthur Edward Waite, ndipo khadi lililonse, ngakhale la manambala, analipatsa chithunzi chokamba nkhani.

Oracle ilibe chiwerengero chokhazikika. Wopanga amasankha yekha kuchuluka kwa makhadi, zithunzi zake ndi matanthauzo ake, kaya ndi angelo, nyama, maluwa kapena mawu olimbikitsa. Odziwika kwambiri mwa akale ndi a Lenormand, okwana 36. Dzinalo ndi la Marie Anne Lenormand, woombeza wotchuka wa ku Paris amene anamwalira mu 1843. Chodabwitsa n'chakuti makhadiwo anatuluka iye atamwalira kale. Ogulitsa anangobwereka dzina lake kuti malonda ayende, ndipo zithunzi anazitenga ku masewera ena a ku Nuremberg, ku Germany, a cha mu 1799. Apanso tikuona kuti masewera ndiwo anayamba, kuombeza kunabwera pambuyo.

M'zaka zaposachedwa makhadi a oracle achuluka chifukwa ndi osavuta. Tarot imafuna kuti munthu aloweze makhadi 78 ndi dongosolo lake, ndipo amene waphunzira paketi imodzi sasochera akagwira ina. Oracle nthawi zambiri imakhala ndi uthenga wolembedwa pakhadi pomwepo ndi kabuku kofotokoza. Mukasintha paketi, mwasintha zonse. Tanthauzo lonse lili m'manja mwa wolemba, ndipo wolemba atha kusintha maganizo. Doreen Virtue wa ku America, amene anatchuka ndi makhadi a angelo, analowa Chikhristu mu 2017 n'kukana ntchito yake yakale, kuuza anthu kuti asiye kugwiritsa ntchito makhadiwo.

Mbiriyi ili ndi phindu kwa ife chifukwa mbali zonse ziwiri zimakonda kukuza nkhani. Wogulitsa amati ali ndi nzeru za zaka masauzande ambiri kuti mutumize ndalama. Woopseza amati makhadiwa anapangidwira zamizimu kuyambira pachiyambi. Zolembedwa zimaonetsa zina: tarot inakhala masewera kwa zaka zoposa 300 asanainamizire Egypt, ndipo oracle ndi katundu amene aliyense wokhala ndi wojambula ndi makina osindikizira atha kupanga.

Zakuti munthu awagwire kapena awapewe ndi nkhani ya chikhulupiriro chake ndi chikumbumtima chake. Koma wina akakuyalirani makhadi n'kutchula mtengo, funsani mafunso awiri osavuta: makhadiwa ndi angati, ndipo tanthauzo lake analemba ndani? Ngati ndi 78, mukuona masewera a ku Italy amene anavekedwa chovala china ku Paris ndi ku London. Ngati ndi chiwerengero china, mukumva maganizo a munthu amene anapanga paketiyo.